Masanje a Pafoni ndi Mwala wa ku Tengenenge

Funso lakuti kodi munthu angachimwe pamene akungosewera ndi lakale, koma masiku ano labweranso m'njira imene makolo athu sakanaiganizira. Kuyambira mu 2022, pamene mapulogalamu a DALL-E 2, Midjourney ndi Stable Diffusion anafika m'manja mwa anthu wamba, aliyense wodziwa kulemba chiganizo akhoza kupanga chithunzi osagwira burashi kapena kamera. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inafikitsa luso lotereli mu WhatsApp m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Kuchokera pamenepo, chinthu chimene chinkaoneka ngati cha anthu a m'mizinda ikuluikulu ya kutsidya kwa nyanja chinafika pafoni ya mnyamata wa pakomboni ku Mazowe, ku Shamva, ku Banket kapena ku Mvurwi, malinga ngati ali ndi bandulo.

Ambiri mwa ogwiritsa ntchito makina a AI amenewa si amisiri ojambula, ndipo safuna n'komwe kutchedwa choncho. Amalemba chimene chabwera m'mutu panthawiyo: fisi atavala suti, agogo akuyendetsa ndege, mudzi uli pamwezi. Akaseka amatumizira anzawo, kenaka n'kulemba china. Alibe pulani, alibe cholinga, ndipo mawa lake sakumbukira zimene anapanga dzulo.

Pali amene amamudzudzula munthu wotereyu kuti ndi waulesi wofuna ulemu wa mmisiri popanda thukuta la mmisiri. Palinso amene amamuikira kumbuyo ponena kuti kusewera kulibe mlandu. Maganizo a nkhani ino ndi akuti mbali ziwiri zonsezi zaphonya pamene pagona nkhani. Kusowa pulani si cholakwa, ndipo mbiri ya ku Mashonaland itisonyeza zimenezo. Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ndi malo amene chithunzi chopekacho chimakagwera chikachoka pafoni ya wochipanga. Pofuna kuona bwino mfundoyi tiima m'mapulazi a ku Mashonaland, chifukwa kumeneko kuli abale athu amene mbiri yawo imachititsa funsoli kukhala lolemera kuposa kwina.

Mbumba ya matchona

Kwa zaka zambiri za ulamuliro wa atsamunda, mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Southern Rhodesia ankadalira manja a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena ankapita okha wapansi, kudutsa ku Tete ndi kuwoloka Zambezi. Ena ankatengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, monga lija kwathu linkadziwika ndi dzina lakuti Mthandizi. Ponyamuka ankati akagwira zaka ziwiri, akagula njinga ndi bulangete, abwerera. Ochuluka sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha matchona. Anakwatira konko, nabereka ana m'makomboni, mpaka Chinyanja chinakhala chimodzi mwa zilankhulo zomveka kwambiri m'mapulazi. Eni dziko ena ankawatchula maina onyoza monga mabwidi ndi mabhurandaya, dzina lachiwirili litachokera ku mawu akuti Blantyre. Woimba wotchuka wa sungura, Alick Macheso, amene anabadwira ku Shamva mu 1968, ndi mmodzi wa ana a mabanja otere.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mapulazi a ku Hurungwe, anaonetsa m'buku lake la 2001 kuti moyo wonse wa wantchito, kuyambira nyumba, chakudya, ngongole mpaka milandu ya m'banja, unkayendetsedwa ndi mwini pulazi ndi akapitawo ake, boma lili chapatali. Pamene kulanda mapulazi kunayamba mu 2000, antchito a m'mapulazi akuluakulu analipo oposa 300,000, osawerengera mabanja awo. Ambiri anataya ntchito pamodzi ndi pogona, ndipo ochepa okha ndi amene anagawiridwa malo. Lamulo la unzika la 2001 linawonjezera zowawa, pakuti munthu amene makolo ake anabadwira kunja anayenera kukana unzika wa dziko limene mwina sanapondeko n'komwe, apo ayi ataye wa Zimbabwe. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, komabe lipoti la Amnesty International la 2021 linasonyeza kuti ambiri anali asanapezebe zitupa chifukwa chosowa mapepala a makolo awo.

Mbiri imeneyi inasiya bala limodzi limene likukhudza nkhani yathu. Mabanja ambiri a m'makomboni ali ndi zithunzi zochepa kwambiri za makolo awo. Kamera papulazi kawirikawiri inali ya bwana, ndipo inkaloza ku fodya, ku mahatchi ndi ku ana a bwanayo. Wantchito akaonekamo ankaonekera chakumbuyo, wopanda dzina. Chithunzi chimene ambiri anali nacho ndi cha pachitupa. Zina zochepa zinatayika posamuka, zina zinadyedwa ndi chiswe. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa tidzaifuna kutsogoloku.

Kusema kopanda sukulu

Mu Novembala 1965 boma la Ian Smith linadzilengeza lokha kuti ndi loima palokha, ndipo maiko akunja analikhaulitsa poletsa malonda, makamaka a fodya. Tom Blomefield, mlimi wa fodya wa kufupi ndi Guruve ku Mashonaland Central, anaona kuti ulimi sungathenso kusunga antchito ake. Pamalo ake panali mwala wa serpentine wa m'mapiri a Great Dyke, ndipo mu 1966, atalimbikitsidwa ndi wosema miyala Crispen Chakanyuka, iye ndi antchito ake anayamba kusema. Umu ndi mmene mudzi wa amisiri wa Tengenenge unayambira.

Chofunika kwa ife ndi kayambidwe kake. Panalibe kalasi, panalibe silabasi, panalibe mayeso. Munthu ankapatsidwa nyundo ndi tchizulo n'kuuzidwa kuti ayese. Mwa amene anayesa munali Lemon Moses wochokera ku Malawi, Josiah Manzi wa makolo achiyao ochokeranso ku Malawi, ndi Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene asanagwire mwala anagwirapo ntchito zosiyanasiyana za manja. Pamene Akuda ankamwalira mu 2011, ziboliboli zake za nkhope zomwetulira ndi maso otsinzina zinali zitafika m'maiko ambiri. Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba yoonetsera za luso ya ku Salisbury, anasemphana maganizo ndi Blomefield chifukwa ankaona kuti ku Tengenenge kukusemedwa zinthu zambirimbiri mosasankha. Dandaulo lakelo n'lofanana ndi limene timamva lero lokhudza zithunzi za AI: zachuluka, aliyense akupanga, ndipo palibe woyang'anira pakhomo.

Nthawi inaonetsa kuti pakati pa zambirimbirizo panali ntchito zina zapamwamba zedi. Choncho amene akufuna kutsutsa mnyamata wa pafoni chifukwa choti sanaphunzire, kapena chifukwa choti amangoyamba osadziwa kumene akupita, ayenera kuyamba watsutsa Akuda. Luso lambiri limabadwa munthu akungoyesa. Mwana woumba ng'ombe zadothi kudambo kapena wopinda galimoto yamawaya salemba pulani, ndipo palibe amene amamuimba mlandu. Kwa wachinyamata wa pakomboni amene sanaonepo utoto wa m'sitolo kapena mphunzitsi wa zojambula, kuona chinthu chimene chinali m'mutu mwake chitaima pamaso pake ndi chisangalalo chenicheni, ndipo ophunzira sayenera kuchinyoza.

Chimene mwala umachita

Komatu mwala uli ndi khalidwe limodzi limene makina alibe: umakana. Wosema akhoza kuyamba wopanda pulani, koma sangathe kumaliza osamvera mwalawo. Akamenya pamene pali mng'alu, mutu wa chiboliboli umagwa, ndipo palibe njira youbwezera. Ntchito imatenga masiku kapena masabata, fumbi lili m'maso, matuza ali m'manja. M'masiku amenewo anzake amadutsa, akuluakulu amaima n'kufunsa chimene akusema, ndipo iye mwini amagona n'kudzuka ndi maganizo ena. Kuuma kwa mwala kumapatsa chikumbumtima nthawi yoti chimupeze wosemayo ntchito isanathe.

Makina amagwira ntchito mwanjira ina, ngakhale pali kufanana kodabwitsa. Amaphunzitsidwa ndi zithunzi zochuluka zotengedwa pa intaneti, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Nkhokwe yotchedwa LAION-5B, imene mbali yake inagwiritsidwa ntchito pophunzitsa Stable Diffusion, inali ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni. Pophunzira, makinawo amaononga chithunzi pang'onopang'ono mpaka chisanduke timadontho tosokonekera ngati tija timaoneka pa wailesi ya kanema siginecha ikathawa, kenaka amaphunzira kubwerera m'mbuyo. Munthu akalemba mawu, makina amayamba ndi timadontho topanda tanthauzo n'kumachotsa chisokonezo mpaka patatuluka chithunzi chogwirizana ndi mawuwo. Wosema amachotsa mwala, makina amachotsa chisokonezo. Kusiyana kwake n'kwakuti makinawo amamaliza m'masekondi ochepa, ndipo sanena kuti sakudziwa. Ukawafunsa chinthu chimene sanachionepo, amatenga chimene chimaoneka kawirikawiri pafupi ndi mawu akowo n'kukupatsa molimba mtima.

Apa ndi pamene mawu olembedwa pansi pa zithunzi amasanduka nkhani yaikulu. Ntchito za osema a ku Zimbabwe zinatchuka padziko lonse ndi dzina lakuti zosema za Chishona, ngakhale ena mwa osema oyambirirawo anali Achewa, Ayao ndi anthu ochokera ku Angola ndi ku Mozambique. Makina ophunzira kuchokera ku mawu otere amatengera kufufutidwa komweko. Sachita zimenezi mwa njiru. Amangobwereza zimene dziko linalemba kale. Anthu amene sanajambulidwe mokwanira, kapena amene anajambulidwa pansi pa dzina la ena, makina amawadzazira ndi nkhope zobwereka.

Malire a masanje

Wolemba mbiri wa ku Netherlands, Johan Huizinga, m'buku lake la 1938 lonena za kusewera, anaona kuti sewero lililonse lili ndi malo ake ndi nthawi yake, ndipo olowamo amadziwa kuti alowa. Ife sitinafunike kudikira Huizinga kuti tidziwe zimenezi, pakuti tili ndi masanje. Kumasanje ana amamanga timisasa, wina amakhala bambo, wina mayi, wina fisi. Palibe bodza pamenepo, chifukwa mudzi wonse ukudziwa kuti ndi masanje, ndipo dzuwa likapendeka aliyense amabwerera kwa amake. Ukwati wa kumasanje sufuna ankhoswe. Chimene chimachititsa seweroli kukhala lopanda mlandu ndi malire ake.

Fisi wovala suti uja ali m'kati mwa malire, chifukwa palibe amene angamukhulupirire. Koma tiyeni tiyerekeze kuti tsiku lina mdzukulu wa mtchona, akusewera monga mwa masiku onse, walemba kuti makina amupangire chithunzi chakale cha bambo wochokera ku Nyasaland akugwira ntchito m'munda wa fodya m'zaka za m'ma 1950. Patuluka nkhope ya munthu wa maso otopa, chipewa chong'ambika, ndi mtundu wofiirira wa zithunzi zakale. Mtima wa mdzukuluyo wagunda, ndipo watumiza chithunzicho ku gulu la banja limene muli abale a ku Chegutu, a ku Johannesburg ndi a ku Dedza, n'kulemba kuti mwina agogo ankaoneka chonchi. Wachiwiri potumiza kwa ena, mawu akuti mwina agwa. Wachitatu wachisindikiza n'kuchipachika pakhoma. Patapita zaka khumi, mwana adzaloza pakhomapo n'kuuzidwa kuti awa ndi agogo ako.

M'banja limene lili ndi zithunzi zambiri zenizeni, chithunzi chopeka chimagwidwa msanga, chifukwa pali zochiyerekeza nazo. M'banja la pakomboni chimapeza mpando wopanda munthu, ndipo chimakhalapo. Nkhope imene yakhala pampandopo ndi chisakanizo cha anthu osawerengeka amene makina anaona, chokonzedwa molingana ndi mmene dziko limaganizira kuti wantchito wakuda wosauka amaonekera. Agogo enieni mwina anali aatali, oseka, odziwa kusoka, onyadira jekete lawo la Lamulungu. Munthu amene bwana sanamujambule, amene boma linamulemba kuti ndi mlendo, tsopano wafufutidwa kachitatu, ndipo ulendo uno ndi dzanja la mdzukulu wake womukonda. Kwa anthu amene vuto lawo lalikulu lakhala kusowa umboni wa kumene anachokera, kusakaniza umboni ndi zopeka si nkhani yaing'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina akhoza kutsutsa ponena kuti chithunzi sichinanenepo zoona zokhazokha. Matchona ankapita ku situdiyo m'tauni, n'kubwereka suti ndi wotchi, n'kuima pafupi ndi wailesi yosakhala yawo, kuti akumudzi aone ngati zinthu zikuyenda. Kodi limenelo silinali bodza? Linali bodza ndithu, koma la mtundu wina. Suti inali yobwereka, thupi linali lake. Roland Barthes, m'buku lake la 1980 lonena za kujambula, anati mphamvu ya chithunzi cha kamera ili pa kuchitira umboni kuti chinthucho chinaimadi patsogolo pa kamerayo. Mdzukulu woyang'ana chithunzi cha ku situdiyo akhoza kuseka suti ija, koma mphuno imene akuiona ndi imene ali nayo iye mwini. Komanso munthuyo anasankha yekha mmene afuna kukumbukiridwira. Chithunzi cha makina chimavala maonekedwe a umboni pamene palibe amene anaima patsogolo pa chilichonse.

Winanso anganene kuti munthu wolira ali ndi ufulu wodzitonthoza, ndipo ngakhale mmisiri wa pensulo akhoza kujambula malemu pomvera zimene achibale akufotokoza. Zimenezi n'zoona. Koma chojambula cha pensulo chimadziulula chokha kuti ndi ntchito ya dzanja, ndipo mmisiriyo asanayambe amakhala pansi ndi okalamba n'kuwafunsa za mphumi, za mpata wa mano, za kayendedwe. Mafunso amenewo ndiwo chuma chenicheni, chifukwa amatulutsa nkhani zimene zikanapita kumanda. Wosewera ndi makina amalumpha mafunsowo, pakuti yankho labwera kale asanafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Zimene siziyenera kuoneka

Pali chinthu china chimene matchona anapita nacho m'mapulazi ndipo sichinatayike: gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Pamaliro ndi pazikondwerero za m'makomboni, guleyu wakhala chizindikiro chakuti anthu onenedwa kuti alibe kwawo ali ndi mwambo ndi makolo. UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chimodzi mwa zuma zapamwamba za chikhalidwe cha anthu, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Gule saopa zatsopano. Pabwalo panatuluka Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, panatulukanso galimoto, ndipo woyendera nyumba ya Chamare ku Mua, imene bambo Claude Boucher ndi anzawo a ku Kungoni anakonza, amaona mmene guleyu wakhala akumezera mbiri ya nthawi iliyonse. Choncho sitinganene kuti chikhalidwechi n'chosalimba moti foni ingachiphwanye.

Komabe gule amaima pa kusiyanitsa zimene zimaoneka pabwalo ndi zimene zimatsala kudambwe. Kamera ikafika pamwambo, eni mwambo akhoza kuuza wojambula pamene ayenera kuima ndi pamene ayenera kuleka. Makina sapita kubwalo, motero palibe amene angawaletse. Wosewera akalemba kuti amuonetse za kudambwe, makinawo, amene sadziwa kanthu za kumeneko, amapeka, ndipo amapeka pogwiritsa ntchito zimene anaona zambiri: zigoba zoopsa za m'mafilimu, moto, magazi ndi mdima. Chinsinsi chenicheni sichinaululidwe, koma ulemu wake waphwanyidwa, ndipo bodza lalowa m'malo mwake. M'dziko limene anthu ambiri amaganizira kale zvigure kuti ndi za ufiti ndi chiwawa, chithunzi chotere chikayamba kuyenda chimalemera pa mapewa a mwana wa pakomboni amene mawa apita kusukulu n'kukatchedwanso dzina lonyoza lija.

Pomaliza

Tabwerera tsono ku funso lathu. Munthu sachimwa chifukwa choti akusewera, ndipo sachimwa chifukwa choti alibe pulani. Tengenenge ndi mboni yakuti dzanja longoyesa likhoza kubala zinthu zokhalitsa. Koma osema a kumeneko anali ndi mphunzitsi amene sanamulembe ntchito, ndiye mwala, ndipo mphunzitsiyo ankawachedwetsa mpaka mudzi ndi chikumbumtima ziwapeze. Wosewera ndi makina alibe womuchedwetsa. Ntchito imene mwala unkagwira yagwera pa iye mwini, ndipo nthawi yake yoigwira ndi kamphindi kaja ka pakati pa kuona chithunzi ndi kuchitumiza.

M'kamphindi kameneko funso loyenera ndi lakuti kodi chithunzichi chikafika kwa munthu wachitatu, amene sanamve kuseka kwanga, chidzadziwikabe kuti ndi masanje? Ngati chidzadziwika, asewere mpaka bandulo ithe. Ngati chikhoza kukhala pampando wa munthu amene anakhalapodi ndi moyo, achipange kukhala chooneka kuti n'chojambula pamanja, kapena alembe pachithunzi penipenipo kuti n'chopeka, pakuti mawu olembedwa pambali amagwa panjira. Ngati chikukhudza zimene eni ake anasankha kusaonetsa, achisiye. Ndipo ife a m'masukulu aukachenjede, amene timafulumira kudandaula za makina, tili ndi gawo lathu. Okalamba amene anaona mapulazi a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akutha. Foni yomweyo imene imapeka nkhope ikhozanso kujambula mawu a gogo wa ku Mvurwi akufotokoza mmene bambo ake ankaonekera, mudzi umene anachokera ndi mfumu yake, ndiponso kujambula chitupa chakale chisanadyedwe ndi chiswe. Mpando ukakhala ndi mwini wake, mlendo wopeka sapeza pokhala.